Mipando ya otsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi

Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inayamba mulibe mwini dziko ngakhale mmodzi. M'chaka cha 1907, atsamunda atapatsa dzikoli dzina la Nyasaland, anakhazikitsa ku Zomba bungwe lopanga malamulo lotchedwa Legislative Council. Ankakhalamo anali Bwanamkubwa, akuluakulu a boma lake ndi azungu ena ochepa amene iye mwini ankawasankha. Anthu akuda ankati aziwalankhulira ndi mmishonale. Motero wodandaula za msonkho, thangata kapena kulandidwa kwa malo analibe poti nkuimirira kuti amveke. Ena anatsata njira ya nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ndipo mmene inathera tonse tikudziwa. Ena anasankha kulemba makalata.

Olemba makalatawa ndiwo makolo a zipani zathu. Aphunzitsi, alembi ndi abusa amene anaphunzira ku Livingstonia ndi ku Blantyre anayambitsa timabungwe ta m'maboma awo, kuyambira ndi ka North Nyasa ku Karonga mu 1912, kenako ka West Nyasa, ka Mombera ndi tina. Ankakumana, kulemba madandaulo awo mwaulemu, kutumiza kwa Bwanamkubwa, nkumadikira yankho lomwe nthawi zambiri silinkabwera. Mu 1944 James Sangala, Levi Mumba ndi anzawo anamanga timabungweti pamodzi nkupanga Nyasaland African Congress. Patapita zaka zisanu, boma linalola anthu akuda awiri kulowa m'bungwe la malamulo lija, koma owasankha anali Bwanamkubwa yemweyo.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe anatikakamiza mu 1953. Mkwiyo unakula, ndipo mu 1956 mipando ya anthu akuda itafika isanu, makhonsolo a m'zigawo anatumiza ku Zomba anthu a Kongeresi. Awiri mwa iwo anali anyamata a zaka zosakwana makumi atatu, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume. Anyamatawa analibe mavoti okwanira kugwetsa lamulo lililonse. Chida chawo chinali funso. Ankafunsa za malipiro a antchito akuda, za malo a m'maesiteti, za tsankho m'masitolo ndi m'zipatala, za malamulo a malimidwe amene ankamangitsa alimi, ndipo ankafunsa mosanyengerera, maso ndi maso ndi Bwanamkubwa. Olemba mbiri ya nthawiyo amanena kuti buku la zokambirana za m'Nyumbayo, Hansard, linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala, ndipo odziwa Chingerezi ankawerengera anzawo. Kwa ine, zaka zochepa zimenezi ndizo zinaonetsa bwino koposa chimene mbali yotsutsa ingachite ngakhale ili yochepa: kukakamiza olamula kuyankha pagulu, ndi kufikitsa yankholo kumudzi.

Dr. Hastings Kamuzu Banda anafika pa Chileka pa 6 July 1958 ataitanidwa ndi anyamata omwewa. Pa 3 March 1959 boma linaletsa Kongeresi, linamanga atsogoleri ake, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu padoko. Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo, Orton Chirwa ndi Aleke Banda anayambitsa Malawi Congress Party. Pachisankho cha mu August 1961 chipanichi chinatenga mipando 22 mwa 28. Apa pali mbali imene nyimbo za ufulu sizitchula. Panali tizipani tina ta anthu akuda, monga Christian Democratic Party ya Chester Katsonga ndi Congress Liberation Party ya T.D.T. Banda, yemwe kale anatsogolerapo Kongeresi. Anthu awo ankatchedwa akapirikoni, ogulitsa dziko. Ankamenyedwa, misonkhano yawo inkasokonezedwa, ndipo nyumba ya Katsonga inatenthedwa. Wolemba mbiri Joey Power, amene anafufuza zaka zimenezi, anaonetsa kuti kuopseza oganiza mosiyana kunayamba ufulu usanabwere. Pofika 1964, palibe amene analimba mtima kupikisana ndi Kongeresi, ndipo aphungu ake onse analowa m'Nyumba popanda voti kuponyedwa. Mipando yokha imene sinali ya Kongeresi inali itatu yosungidwira azungu, motsogozedwa ndi Michael Blackwood.

Popeza kunja kwa chipani kunalibenso wotsutsa, kutsutsa kunabadwira m'kati. Patangotha milungu yochepa mbendera yatsopano itakwezedwa pa 6 July 1964, nduna zinayamba kufunsa Kamuzu za tiki imene odwala ankalipira kuchipatala, za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za azungu amene ankakhalabe pamaudindo, za ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi za chizolowezi chake chowatchula anyamata ake pamaso pa anthu. Kamuzu anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Chipembere, atabwerako ku Canada, anachita chimodzimodzi. Pa 8 ndi 9 September Nyumba inakambirana ngati ikumukhulupirirabe Kamuzu. Nduna zochotsedwazo zinalankhula zili pamipando yakumbuyo, ndipo ngakhale izo sizinavote momukana. Ankaganiza kuti ndi mkangano wa pabanja woti utha ndi kukambirana. Pofika kumapeto kwa October ambiri anali atathawa m'dziko. Chipembere anayesa zida mu February 1965 nkukakanika pa Liwonde, ndipo Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa ndi gulu lake kudzera chakumadzulo kwa chigawo cha Kummwera. Colin Baker ndi Andrew Ross analemba zambiri za milungu imeneyi, ndipo mpake, chifukwa mtsutso wa masiku awiri aja unali womaliza wa mtundu wake kwa zaka makumi atatu.

Malamulo a 1966 anati chipani ndi chimodzi. Mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wa muyaya. Nsanamira zinali zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Nyumba ya Malamulo inkakumanabe ku Zomba, aphungu atavala masuti, Sipikala ali pampando, koma zolankhula zinkayamba ndi kuthokoza Ngwazi nkutheranso pomwepo. Kuyambira 1978 anthu ankaloledwa kusankha pakati pa anthu angapo a chipani chomwecho, onse ovomerezedwa kumwamba ndiponso opambana mayeso a Chingerezi. Chodabwitsa nchakuti ngakhale pazisankho zoterezi ovota ankagwetsa aphungu ambiri akale. Khalidwe limeneli tidzakumana nalonso.

Amene anayesa kufunsa mafunso m'kati mwa chipani anaona zoopsa. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma linati ndi ngozi ya galimoto. Kafukufuku wa 1994 wotsogozedwa ndi woweruza Mtegha anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti khothi linamasula Kamuzu ndi John Tembo pamlanduwo mu 1995. Zipani zotsutsa zinalipo, koma kunja: LESOMA ya Attati Mpakati, amene anaphedwa ku Harare mu 1983, MAFREMO ya Orton Chirwa, amene anagwidwa mu 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera nkudzafera kundende ya Zomba mu 1992, ndi gulu la Chiume ku Tanzania. Kumudzi anthuwa ankangotchedwa zigawenga. Ngakhale kufufuza za ndale kunali koika moyo pachiswe. Buku la Philip Short lofotokoza moyo wa Kamuzu linali loletsedwa, ndipo aphunzitsi a ku Chancellor College ankadziwa kuti m'kalasi muli makutu a boma. Zambiri zolembedwa mosabisa za ndale zathu panthawiyo zinalembedwera kunja, monga nkhani ya Leroy Vail ndi Landeg White ya 1989 yofotokoza mmene kusankhana mitundu kunamangidwira m'ndale za dziko lino.

Chitseko chinatsegulidwa ndi anthu amene sanali aphungu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse. Pa 6 April Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May antchito a pa David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, chipolowe chinafalikira, ndipo mwezi womwewo mayiko othandiza anaimitsa thandizo. Mipingo, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga Public Affairs Committee kuti ikambirane ndi boma. AFORD ndi UDF, zomwe zinkayenda mobisa ndi timapepala, zinatulukira poyera. A Kongeresi ankati matipate ndi nkhondo, ndipo ofuna kusintha ankawatcha abongololo. Pa 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ya matipate ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Mu December asilikali analanda zida apayoniya a Kamuzu pa Operation Bwezani. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana wa AFORD 19.

Ofufuza ataona mapu a chisankhochi anaona dziko logawika patatu. Mwa mipando 177, UDF inatenga 85, yambiri Kummwera, MCP 56, yambiri Pakati, ndipo AFORD 36, kuphatikizapo yonse 33 ya Kumpoto. Funso linali lakuti kodi Amalawi amavotera mtundu kapena chigawo. Deborah Kaspin, Wiseman Chirwa ndi ena analimbana nalo funsoli, ndipo buku lomwe Kings Phiri ndi Kenneth Ross anasonkhanitsa mu 1998 linali limodzi mwa mabuku oyamba akuluakulu olembedwa momasuka m'dziko muno pa ndale zatsopanozi. Kafukufuku amene anatchuka kwambiri kunja ndi wa Daniel Posner wa 2004. Iye anayerekeza midzi ya Achewa ndi Atumbuka tsidya lino ndi tsidya lina la malire a Malawi ndi Zambia. Anapeza kuti ku Zambia mitundu iwiriyi imaonana ngati abale akummawa, pamene kuno imakayikirana. Chifukwa chake, iye anati, si chikhalidwe, popeza chikhalidwe ndi chimodzimodzi mbali zonse. Ndi kukula kwa gulu: kuno mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu mokwanira kuti wandale amangirepo chipani, pamene ku Zambia yonse iwiri ndi yaying'ono ndipo imapindula ikagwirizana. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa imachotsa mlandu pa anthu akumudzi nkuuika pamene uyenera kukhala, pa owerengera mavoti asanaponyedwe.

M'Nyumba ya Malamulo munabuka vuto lina. Muluzi analibe aphungu okwanira theka. Poyamba AFORD inagwirizana ndi MCP, chipani chomwe chinamanga Chihana, koma chaka chisanathe Chihana anali wachiwiri wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, udindo umene anachita kuupanga chifukwa cha iye. Mu 1996 anatuluka m'boma akudandaula za katangale, koma nduna zina za chipani chake zinakana kutuluka naye. MCP ndi AFORD zinanyanyala zokambirana kwa miyezi yambiri. Malamulo atsopano anali ndi zingwe ziwiri zomangira phungu: Gawo 64, lopatsa ovota mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, ndi Gawo 65, lolanda mpando phungu wosamukira chipani china. Aphungu anafafaniza Gawo 64 mu 1995, ndipo mu 2001 anachotsanso nyumba yachiwiri ya Seneti isanakhalepo nkomwe. Gawo 65 linatsala, koma mphamvu yake inkadalira Sipikala ndi ziletso za kukhothi. Harri Englund atasonkhanitsa buku la ndale za nthawiyi mu 2002 analipatsa mutu wonena za demokalase ya abirimankhwe.

Komabe Nyumba yomweyi inachita chinthu chachikulu. Pa 4 July 2002 bilu yochotsa malire a nthawi imene mtsogoleri angalamulire inabwera kudzera mwa phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, ndipo Chihana ndi John Tembo, atsogoleri a mbali yotsutsa, anaithandizira. Pankafunika mavoti 128. Anapezeka 125. Amene anaima nji anali aphungu a MCP a mbali ya Gwanda Chakuamba, ena a AFORD amene anakana kutsata mtsogoleri wawo, ndi ochepa ochoka ku UDF komweko, ali ndi mipingo, mabungwe ndi ophunzira kumbuyo kwawo. Boma linayesanso mu January 2003 ndi bilu yopatsa Muluzi mwayi wa teremu yachitatu, koma litawerenga mitu linaibweza. Mavoti atatu amenewo ndiwo anapulumutsa lamulo lomwe m'mayiko ena a mu Africa linagwa.

Chisankho cha 2004 chinapeza zipani zitasweka. Brown Mpinganjira anali ndi NDA, Chakuamba anali ndi Republican Party m'gulu la Mgwirizano, Aleke Banda anali ku PPM. Lise Rakner, Lars Svåsand ndi Nixon Khembo anafufuza kuswekaku ndipo anaonetsa kuti zipani zathu zimagawikana pa mipando ndi pa anthu, osati pa mfundo. Bingu wa Mutharika wa UDF anapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 chifukwa Tembo ndi Chakuamba anagawana otsalawo. Patangotha masiku ochepa Chakuamba, amene ankati waberedwa, anagwirizana ndi boma. Ndiye pa 5 February 2005 Bingu anatuluka mu UDF nkuyambitsa DPP. Chipani chimene chinapambana chisankho chinapezeka kumbali yotsutsa, ndipo chipani chimene sichinali pa pepala lovotera chinakhala cholamula, chikudzaza mipando yake ndi aphungu osamuka.

Zaka zinayi zotsatira ndizo zokha pamene otsutsa anali ndi mphamvu zenizeni m'Nyumba, ndipo mmene anazigwiritsira ntchito ndi nkhani yowawa. Anayesa kuchotsa Bingu paudindo. Mkangano wina uli mkati mu June 2005, Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka pampando ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Mu June 2007 Supreme Court inati Gawo 65 ndi lovomerezeka, ndipo MCP ndi UDF zinaumirira kuti Sipikala Louis Chimango ayambe wachotsa osamuka bajeti isanakambidwe. Pa lamulo anali olondola. Koma mlimi woyembekezera kuponi ya feteleza ndi mphunzitsi woyembekezera malipiro sankaona Gawo 65, ankaona anthu otsekereza chakudya. Ophunzira ndi mabungwe anagona panja pochita zionetsero kuti bajeti idutse. Mu 2009 ovota anapereka chiweruzo: Bingu anapeza mavoti 66 pa 100, m'zigawo zonse zitatu, ndipo DPP inatenga mipando yoposa 110 mwa 193. Karen Ferree ndi Jeremy Horowitz analemba kuti chisankhochi chinaonetsa kuti mpanda wa zigawo si wachikhalire, ndipo Blessings Chinsinga anafotokoza mmene chimanga ndi feteleza zinakhalira pakatikati pa ndale zathu.

Boma litakhala ndi aphungu ochuluka chotero, Nyumba inaleka kufunsa. Inasintha mbendera, inapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, inakhwimitsa kupereka ziletso zotsutsana ndi boma. A DPP anafika povotera nawo mtsogoleri wa mbali yotsutsa, nkuika Abele Kayembe m'malo mwa Tembo, mpaka khothi linakana. Nyumba yatsopano yokongola imene dziko la China linamanga ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010, koma kutsutsa kunabwerera kumsewu ndi kusukulu. Mu 2011 mkulu wa apolisi ataitana Chinsinga chifukwa cha zomwe ananena m'kalasi, aphunzitsi a ku Chancellor College ananyanyala kwa miyezi yambiri. Pa 20 July chaka chomwecho anthu 20 anaphedwa pazionetsero. Bingu atamwalira mu April 2012 ndipo Joyce Banda atalumbira, aphungu ambiri amene dzulo lake ankamunyoza anathamangira ku chipani chake cha People's Party.

Nchifukwa chiyani phungu wa Malawi sakhalitsa pampando wotsutsa? Ofufuza, kuphatikizapo Nandini Patel, Boniface Dulani ndi Daniel Young, akhala akulizungulira funsoli, ndipo mayankho awo amakumana pamalo amodzi. Mphamvu zonse zogawa zili ndi mtsogoleri wa dziko: unduna, mipando ya m'makampani a boma, msewu, mjigo. Kafukufuku wa Afrobarometer, amene wakhala akufunsa Amalawi maganizo awo kuyambira 1999, amaonetsa kuti anthu amafuna phungu womva mavuto awo ndi wobweretsa chitukuko kuposa wodziwa kusanthula mabilu. Phungu amagula bokosi la maliro, amalipirira ana sukulu, galimoto yake imasanduka ambulansi. Ndalama zimenezo kumbali yotsutsa kulibe. Ndiye amaima pamsonkhano nkunena kuti anthu ake amutuma kuti akagwire ntchito ndi boma la lero. Zipani nazonso ndi za eni ake ozilipirira, ndipo zisankho zachipulula zikasokonezedwa, ogwetsedwa mwachinyengo amaima paokha nkupambana. Mu 2014 oima paokha anapeza mipando 52, kuposa chipani chilichonse. Koma kusamuka sikupulumutsa munthu. Mu 2009 ndi mu 2014 aphungu oposa magawo awiri mwa atatu sanabwererenso m'Nyumba.

Peter Mutharika wa DPP anapambana mu 2014 ndi mavoti 36 pa 100, Joyce Banda nkukhala wachitatu ali pampando, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate itamulemera. Mu December 2017 aphungu anakana bilu yoti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Pachisankho cha pa 21 May 2019 Mutharika analengezedwanso wopambana ndi mavoti 38.6 pa 100, Lazarus Chakwera wa MCP 35.4, Saulos Chilima wa UTM 20.2, mapepala a zotsatira atapakidwa tipeksi. Otsutsa anapita kukhothi pamene bungwe la HRDC linkatsogolera zionetsero miyezi yambirimbiri. Mlanduwo unkaulutsidwa pawailesi, ndipo anthu m'misika ndi m'maminibasi anaphunzira mayina a mafomu a chisankho monga makolo awo ankamvera Hansard ikuwerengedwa. Pa 3 February 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anafafaniza chisankhocho nkunenanso kuti malamulo amafuna mavoti oposa theka. Chimene aphungu anakana, khothi linachipeza kuti chinalimo kale. Ku Kenya khothi linafafanizapo chisankho mu 2017, koma wolamula anabwereranso. Kuno pa 23 June 2020 mgwirizano wa Tonse wa Chakwera ndi Chilima unapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100.

Lamulo la mavoti oposa theka linasintha kawerengedwe ka andale, chifukwa chigawo chimodzi sichingathenso kupereka mtsogoleri pachokha. Silinasinthe moyo wa m'zipani. DPP itapita kumbali yotsutsa inatha zaka ikukangana ndi kusumirana pa za amene akhale mtsogoleri wa otsutsa m'Nyumba, Kondwani Nankhumwa kapena George Chaponda, panthawi imene kwacha inkagwa, mafuta ankasowa ndipo mtengo wa chimanga unkakwera. Tonse nayo inayamba kuphwasuka, ndipo Chilima atamwalira pangozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, UTM inatulukamo. Kafukufuku wa IPOR ya ku Zomba ndi wa Afrobarometer ankaonetsa kuti anthu atopa ndi kukwera kwa mitengo, ndipo monga mwa nthawi zonse, amene zotsatira sizinawakomere anati ofufuzawo agulidwa. Pa 16 September 2025 anthu anavota, mipando ya aphungu itawonjezedwa kufika 229. Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100, Chakwera 33, ndipo Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Kanali kachitatu motsatizana, kuwerengera 2014 ndi 2020, kuti mtsogoleri amene ali pampando achotsedwe ndi voti, ndipo MCP inabwerera kumipando yotsutsa kumene inakhalako zaka 26 kuchokera mu 1994.